Madzulo Ano Usatuluke

Limbikani mwana wanga,

Kalatayi uipeza pamwamba pa malaya ako oyera, m'chikwama chimene walongedza m'mawa uja. Ndaiika pamenepo dala, chifukwa ndikudziwa kuti ukangobwera kuchokera ku Mtunthama utsegulanso kuti uone ngati mlongo wako Rute sanakubere sopo. Uiwerenge nthawi yomweyo, dzuwa lisanalowe. Usaisunge kuti ukawerengere m'basi mawa, chifukwa mawa idzakhala yopanda ntchito.

Ndikulemba masana ano nditakhala pamthunzi wa chigafa. Fodya wauma gwaa, sakugwirika, ndiye manja anga apeza mpata. Abambo ako apita kutsidya kwa dambo kukaona wodwala. Iwe ukundidziwa kuti pakamwa sindisowa mawu, moti anthu amati Naphiri akayamba kulankhula ngakhale nkhuku zimadikira. Koma nkhani iyi ndikangoiyamba pamaso pako umaimirira, n'kunena kuti, "Amayi, zimenezo zisiyeni," basi n'kutuluka. Ndiye ndati ndiyese pepala, mwina ilo ungalimvere mpaka kumapeto.

Mawa ukupita ku Blantyre kukaphunzira zachipatala. Ndanyadira, ndipo sindibisa, kuchitsime atopa nane. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, pita ndithu. Za mowa, za atsikana a m'tauni ndi za anzako oipa, amalume ako anakuuza kale dzulo mpaka makutu ako anatopa, ine sindibwerezanso. Pempho langa ndi limodzi lokha. Madzulo ano tikatha kudya, abambo ako akatsitsa Baibulo pawindo, Rute akayala mkeka, iwe usatuluke.

Ndikudziwa zimene wakonza. Ndinakumva ukuuza wakabaza kuti afike mbandakucha, akaime kumsewu, asalize belu. Ukufuna kuchoka m'nyumba muno osagwada, abambo ako asakuike dzanja pamutu monga amachitira ndi aliyense wapaulendo. Mvula yagwa kawiri iwe ndi abambo ako musanalankhulane mawu opitirira "mwadzuka bwanji". Ine ndine ndakhala mlatho wanu. "Auzeni abambo kuti feteleza wafika." "Mumuuze mwana wanuyo kuti ng'ombe zamasuka." Ndatopa, mwana wanga. Koma kutopa kwanga si nkhani. Nkhani ndi yakuti ukachoka chonchi, sindikudziwa ngati mudzapezananso.

Chaka choyamba nditabwera kuno ku chitengwa ndinachita chinthu chimene mpaka lero azakhali ako amandiseka nacho. Ine ndinakulira ku Boma, atate anga anali kalipentala, ndipo fodya ndinkangomuona ali m'mabelo pamalole. Tsiku lina agogo ako, apongozi anga, popita kumaliro anandiuza kuti, "Fodya uyu afunika kutsitsa." Ine pofuna kuoneka mtengwa wakhama sindinafunse kanthu. Ndinatunga madzi, ndinasesa, ndinachapa, ndipo dzuwa litafika paliwombo ndinalowa m'chigafa n'kuyamba kutsitsa. Masamba ankangofumbutuka m'manja ngati mfutso. Ndinkati mwina ndi mmene amakhalira, ndiye ndinkawonjezera mphamvu. Safunsa anadya phula. Abambo ako pobwera anapeza mzere wonse uli pansi, ine ndili mbuu kumaso. Ndinkayembekezera kukalipiridwa. Iwo anangoima, n'kuvula chipewa, n'kunena kuti, "Naphiri, fodya sagwiridwa masana. Amadikira mame. Mukamukakamiza ali wouma mutsala ndi fumbi." Atatero anatenga tsache n'kuyamba kusesa okha.

Mawu amenewo ndakhala nawo moyo wanga wonse, ndipo ndi chifukwa chake sindinakukakamizeni awirinu. Ndinkati ndidikire mame, tsiku lina mufewa. Koma ndadikira mpaka chikwama chalongedzedwa. Lero ndikugwira ndithu, kaya ufumbutuka kaya ayi. Madzulo ano usatuluke.

Cholakwa china ndinachita pamkeka wa mapemphero, m'masabata oyamba omwewo. Ukudziwa kuti ine ndinabadwira mu mpingo wa ansembe, ndinakula ndi kolona m'manja, ndipo ndinalowa mpingo wa abambo ako chifukwa cha ukwati. Madzulo ena agogo ako aamuna anati, "Lero atipempherere alendo athu." Ndinapemphera bwinobwino, za mvula, za odwala, ndipo pomaliza ndinatchula malemu amayi anga, kuti Mulungu alandire mzimu wawo ndi kuupumitsa. Kwathu tinkatero tsiku lililonse. Nditati Amen ndinamva kuti ndanena ndekha. Agogo ako anangotsokomola n'kutseka Baibulo.

Titalowa kuchipinda abambo ako anandiuza mofatsa kuti, "Kuno sitipempherera akufa. Wakufa nkhani yake yatha, ili m'manja mwa Mulungu. Ife timapempherera amoyo."

Ine ndinati, "Ndiye amayi anga ndiwataye?"

Iwo anati, "Simukuwataya. Koma chiphunzitso cha mpingo ndi chimenecho, ndipo m'nyumba mwanga tidzatsata chimenecho."

Ndinalira kwambiri, chifukwa zinandipweteka. Kolona ndinaika pansi pa sutikesi, ndipo dzina la amayi anga silinamvekenso pamkeka. Mawu a abambo akowo uwasunge, mwana wanga, chifukwa ndibwererako.

Chaka chimene ndinali ndi pakati pa iwe, mphepo ya mwera inabwera msanga. Fodya anauma m'chigafa, masabata n'kumapita osafewa. M'mawa uliwonse tinkapita kukakhudza tsamba, n'kubwerako chimanjamanja. Tsiku limene kunacha ndi chifunga ndi kamvula kowaza linali Lamulungu. Fodya anafewa ngati nsalu. Mudzi wonse unathamangira m'zigafa, ngakhale ena amene amakhala kutsogolo m'tchalitchi ndinawaona ndi maso angawa akutsitsa mikangala yopachikapo fodya. Abambo ako anavala jekete, anatenga Baibulo, n'kuima pakhomo kundidikira. Ndinati, "Abambo a Esinati, Mulungu yemweyo ndi amene watumiza chifungachi." Iwo anati, "Ndi yemweyonso anaika tsikuli." Lolemba kunacha ngwee, fodya wauma kachiwiri. Anzathu anatumiza mabelo kumsika ife tikadali kuyang'ana kumwamba, ndipo chaka chimenecho tinavutika.

Ndinakwiya koopsa. Koma kukwiya kwa mkazi wa mkulu wa mpingo kulibe pothawira, ndiye ndinapeza njira yanga. Pamkeka ndinkagwada ndithu, maso n'kutsinzina, koma akamaliza kupemphera Amen ndinkawamana. Iwo ankadikira pang'ono, ine duu. Zinatenga nthawi, mpaka mimba inayamba kundivuta pogwada. Tsiku lina pomaliza pemphero anati, "Ndipo Ambuye, Amen wa Naphiri akadzafika mudzamulandire, ngakhale wachedwa panjira." Ndinayesa kudzigwira koma ndinaphulika kuseka, ndipo mkwiyo unathera pomwepo.

Ndikukuuza zimenezi kuti udziwe kuti mkeka uja wagwadapo anthu okwiya ambiri, ndipo woyamba ndine. M'nyumba muno munthu saletsedwa kugwada ali ndi mkwiyo. Amen ukhoza kuwamana, palibe adzakufunse. Chimene sindinachitepo ine ndi kutuluka.

Tsopano ndifike pa Esinati, ndipo usapinde pepala.

Mlongo wako wamkuluyu ndiye anakulera kumsana ine ndili kumunda. Ndiye ankakubisira mbatata yootcha, ndiye ankakumenyera nkhondo kusukulu. Ndikudziwa chimene anali kwa iwe. Atatenga pakati asanakwatiwe, womupatsa pakatiyo n'kuthawira ku Joni, nkhani inapita ku bwalo la akulu a mpingo. Akulu anzawo anauza abambo ako kuti akhoza kutuluka panja, poti wozengedwa ndi mwana wawo. Iwo anakana. Anati, "Ana a anzanga ndinawaweruza nditakhala pampando womwewu. Wanga ndiye ndithawe?" Esinati anaimitsidwa Mgonero, anachotsedwa mu kwaya, n'kuyamba kukhala kumbuyo. Sanadandaule. Ankapita ku kalasi ya mpingo mokhulupirika, ndipo akanabwezeretsedwa atangochira. Koma kuchipatala kuja sanabwereko, iye ndi khanda lomwe.

Za maliro sindikuuza zachilendo, unalipo. Munthu womwalira ali pachilango saimbiridwa. Kwaya sinabwere, amayi anzanga sanavale zoyera, abusa sanalalikire. Mkulu wina anangowerenga mawu pang'ono n'kupemphera mwachidule. Tili panjira ya kumanda, atsikana amene ankaimba naye anayamba kung'ung'udza chapansipansi, pakamwa potseka, ndipo amayi ena anayamba kulandira. Abambo ako anatembenuka n'kukweza dzanja. Nyimbo inaduka. Kuchokera pamenepo mpaka kumanda kunkangomveka mapazi.

Titabwerako unawapeza kuseri kwa chigafa chino. Ine ndinali mkati, ndinamva zonse. Unati, "Mulungu wanuyo mukhale naye nokha. Ine ndi inu tathana." Kuyambira tsiku limenelo Baibulo likatsika pawindo iwe umatuluka, kukakhala pangolo ndi foni yako mpaka timalize.

Usaganize kuti ndalemba kalatayi kuti ndiwaikire kumbuyo. Dzanja lija analakwa kukweza. Ndinawauza pamaso, ndipo ndidzanena mpaka tsiku langa. Lamulo linaletsa kwaya, silinaletse atsikana olira mnzawo kung'ung'udza panjira. Mwana amene ndinamubereka ndekha anapita kumanda mwakachetechete ngati wakuba, ndipo chilonda chimenecho sichinapole. Masiku ena ndimawayang'ana abambo ako akudya, mtima n'kundiwawa ngati zachitika dzulo. Ngati ukuganiza kuti wokwiya ndiwe wekha m'nyumba muno, ukudzinamiza.

Koma ine ndinatsala pamkeka, ndipo chifukwa chotsalapo ndinamva chimene iwe sunamve.

Ukukumbukira mmene abambo ako amapempherera. Akatha za mvula ndi za odwala amatchula ana awo mmodzimmodzi, kuyambira wamkulu. Esinati, Limbikani, Rute. Kuyambira muli makanda ndi choncho. Madzulo oyamba anthu okhuza maliro atabalalika, tinagwada atatu, ine, iwo ndi Rute. Atafika pa ana ndinkayembekezera kuti ayambira pa iwe. Ndinangomva, "Esinati." Ndinati lilime laterereka, chizolowezi sichitha tsiku limodzi. Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja wake anapitiriza, ndipo mawu ake ndikulembera monga ndinawamvera. Anati, "Esinati mumulandire, Ambuye. Nyimbo imene ine ndinaletsa, mumuimbire kumeneko."

Limbikani, awa ndi abambo ako amene anasiya fodya wofewa m'chigafa chifukwa cha Sabata. Awa ndi amene anandiuza ine kuti kuno sitipempherera akufa. Munthu amene sanaphwanyepo lamulo la mpingo chibadwire akuphwanya limodzi madzulo aliwonse, atagwada, iwe uli pangolo.

Ndinapirira nthawi yaitali osafunsa. Tsiku lina m'mawa tikusankha fodya awiriwiri ndinati, "Abambo a Esinati, si inu munandiuza kuti kuno sitipempherera akufa?"

Anati, "Ndinatero."

Ndinati, "Nanga izi?"

Anawongola tsamba pabondo. Kenako anati, "Akafuna akandiitanitse ku bwalo. Ndikavomera." Tinapitiriza ntchito. Patapita kanthawi, osandiyang'ana, anati, "Amayi anu aja muziwatchulanso."

Ndinatuluka m'chigafa kuti asandione ndikulira. Tsitsi langa lachita imvi ndisanatchule amayi anga pamkeka wa m'nyumba muno, ndipo tsopano ndimawatchula. Kaya ndi zololedwa kaya ndi zosaloledwa, zimenezo akakambirane abusa ndi ansembe, ine sukulu yake sindinapite. Chimene ndikudziwa ndi chakuti Mulungu amene anamva kung'ung'udza kwa atsikana aja amamvanso nkhalamba imeneyi.

Rute akudziwa zonsezi. Anayesapo kukuuza, iwe unamudula kuti asakutchulire za mapemphero. Abambo ako sangakuuze okha, ukuwadziwa. Akhoza kusenza mtengo wa chigafa paphewa kuchokera kudambo, koma mawu akuti "ndinalakwa" amawalemera kuposa pamenepo. Amangowanena kwa Mulungu, poti Iye sawayang'ana m'maso. Ndipo usanyade, iwe ndi iwo ndinu amodzi. Khosi louma limenelo sunalitenge kwa ine.

Pali chinanso chimene uyenera kudziwa. Akatchula Esinati mawu amawathera. Amakakamira pamenepo, mpweya wokhawokha, ndipo sangathe kupitirira. Ndiye ine ndimalandira, ndimati, "Ndi Limbikani, ndi Rute," iwo n'kupeza mphamvu yomalizira. Kuyambira maliro aja, dzina lako pamkeka lakhala likutuluka pakamwa panga. Sikuti sakufuna kulitchula. Ndimaona milomo ikuyesa. Koma kuti afike pa iwe ayenera kudutsa pa Esinati, ndipo kumbali imene unkagwada iwe kuli mkeka wokhawokha.

Mwina ukuti udzakonza zonsezi pa holide, mtima ukadzatsika. Mwana wanga, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Abambo ako si aja unkawadziwa. Mapiritsi a kuthamanga kwa magazi amene ali m'kabati si anga monga ndinakuuzira, ndi awo, anandipempha kuti ndisakudetse nkhawa uli pa mayeso. Mwezi watha anakhala pansi pakati pa munda, ine n'kuchita kuwadzutsa. Mwina akhala zaka zambiri, Mulungu ndiye adziwa. Koma iwe ndi ine taona kale kuti munthu akhoza kuchoka m'mawa akuseka, atanyamula kachikwama ka matewera, osabweranso. Esinati akanabwezeretsedwa mwezi wotsatira. Aliyense ankati nthawi ilipo.

Za chikhulupiriro chako sindikulamula. Wakula, ndipo Mulungu sakokeredwa munthu ngati mbuzi yopita kumsika. Ndikudziwa kuti sunamutaye monga umanenera, chifukwa munthu sakwiyira chinthu chimene sakhulupirira kuti chilipo. Ukafika kumeneko, tsiku limene mtima udzafune, udzalowe m'tchalitchi, ngakhale kukhala kumbuyo kumene ankakhala mlongo wako. Ukakhala ndi mkwiyo umuuze Mulungu mwini wake, osamubisira. Ine ndamuuzapo mawu amene sindingalembe pano, ndipo sanandikanthe.

Ndikudziwanso chifukwa chimene wasankhira zachipatala, ngakhale sunanene. Kumeneko udzakumana ndi atsikana ambiri onga Esinati, obwera okha, opanda mwamuna wowadikira panja, ena ochotsedwa mu kwaya. Usadzawafunse za mlandu wawo. Udzawagwire bwino, udzawatchule dzina. Koma usadzaganize kuti kuchiritsa alendo kudzalowa m'malo mwa kukhululukira abambo ako. Ungadzagwire ntchito usana wonse, ukadzabwerera kunyumba nkhaniyi udzaipeza ikukudikira.

Ndipo tsiku limene udzakhale ndi nyumba yako, udzagule mkeka. Ine ndi abambo ako tasiyana maganizo pa zambiri, pa fodya, pa ana, ngakhale pa Mulungu yemwe. Pakanapanda mkeka uja bwenzi nditabwerera ku Boma kalekale. Koma madzulo aliwonse tinkayenera kugwada phewa ndi phewa, ndipo n'kovuta kudana mpaka kalekale ndi munthu amene ukumumva akupempha chikhululukiro. Pamkeka ndi pamene ndinadziwira abambo ako. Masana ndi mkulu wa mpingo wa jekete, wokweza dzanja. Atagwada ndi munthu wina, ndipo ameneyo ndi amene ndikufuna umuone usanapite.

Dzuwa lapendeka, ndipo ndikuona ng'ombe zikubwera. Ndisiye apa kuti ndikaike kalatayi usanafike. Nkhuku yako ya paulendo ndapha kale, chiponde chili m'botolo la buluu, usagawire anthu onse tsiku limodzi. Wakabaza uja ndakumana naye ndipo ndamuuza kuti abwere dzuwa litatuluka, afike pakhomo penipeni, alize belu mmene angafunire. Ukwiye nane ngati ukufuna, mayi ako ndine ndemwe.

Sindikukupempha kuti upepese. Sindikukupempha kuti uimbe, kapena unene Amen. Rute akayala mkeka, ugwade pamalo pako pakale, kudzanja lamanja la abambo ako, basi.

Koma udziwiretu chimene ndatsimikiza. Madzulo ano sindiwathandiza. Akatchula Esinati n'kukakamira, ine ndikhala chete, ndipo Rute ndamuuza kuti akhalenso chete. Tidikira, ngakhale mawondo apweteke. Dzina lotsatira ndi lako, ndipo ndikufuna ulimve likutuluka pakamwa pa abambo ako, iwe uli pomwepo. Ukakhala pangolo, pemphero la lero lithera pa Esinati.

Usatuluke, mwana wanga.

Ndine mayi ako,
Naphiri, amake Esinati